Tepi Yomaliza ya Radio Loco

Lachiwiri m'mawa, nthawi ili 8:40, Sajeni Dunstan Zangaphee adakwera masitepe a nyumba ina yosanja m'mphepete mwa ngalande ku Maryhill akuwefuka. Adali atagwira ntchito yofufuza milandu mu Glasgow zaka makumi awiri ndi zitatu, koma iye ndi masitepe sankamwerana madzi. Pa fulati nambala 14 adapeza bwana wake, Insipekitala Lucia Baird, atafika kale.

"Bambo wazaka 71, amumenya kunkhongo kamodzi kokha," adatero Lucia. "Adokotala akuti wamwalira dzulo masana, pakati pa 3 ndi 5 koloko. Chomenyera ndi chitsulo icho, choimikapo maikolofoni."

Mtembo udali chafufumimba pafupi ndi tebulo. Makoma onse adali zimbale zokhazokha mpaka kudenga, ndipo patebulopo padali chimakina chakale cha matepi akuluakulu ozungulira ngati mbale.

"Dzina lake?"

"Jeff Garvie."

"Jeff Garvie wa Radio Loco?" Dunstan adafuula mpaka wojambula zithunzi adatembenuka. "Bwana, munthu uyu ndi amene adandilera ine!"

Sadali kunama kwenikweni. Dunstan adafika mu mzindawu mu 1986 ali ndi zaka khumi ndi zinayi, bambo ake atabwera kusukulu. Kuzizira kunkamuliza, anzake adalibe, ndipo Chingerezi cha anthu akuno chinkangomudutsa m'makutu. Tsiku lina Lamlungu masana, akupotokola kawailesi ka kukhitchini, adakumana ndi magitala olira ngati akuphedwa, kenaka mawu a munthu wokuwa ngati nyumba ikupsa. Imeneyo idali Radio Loco, wailesi yopanda chilolezo cha boma, youlutsa nyimbo za rock kuchokera pamwamba pa nyumba ina yaitali ku Springburn. Kuyambira tsikulo mayi ake ankayesa kuti mwana wawo walodzedwa.

Lucia zakalezo zidalibe naye ntchito. "Wokayikiridwa tili naye kale. Doris Kaliwo, mayi wa kwanu, amene amamusamalira. Ali ndi kiyi, ndipo chitseko sichidathyoledwe. Zidindo za zala zake zili pachitsulocho. Woyandikana nyumba adamumva akukalipa cha m'ma 2:30. Ikamakwana 5 koloko madzulo ano ndimutsegulira mlandu wakupha."

Nthawi ya 10:15 Dunstan adalowa m'chipinda chofunsira mafunso. Doris adali akadali mu yunifolomu, maso ali psuu.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

Atamva Chichewa, Doris adagwira pakamwa. "Achimwene, ndithandizeni. Akangonditsegulira mlandu, ntchito yatha, viza yatha. Ana anga awiri ali ku Govanhill kuno, ndiwasiyira ndani?"

"Tiyeni tiyambe ndi kukalipako. Munakalipa?"

"Kukuwa ndinakuwadi. Inu munawaona masipika awo aja? Munthu ukafuna kunena kuti imwani mankhwala, umachita kukuwa ngati ukuitanira minibasi. Chitsulocho ndimachipukuta Lolemba lililonse, ndiye zala zanga zilephera bwanji kukhalapo? Ndinatuluka 2:45 chifukwa ndinali ndi shifiti ina."

"Dzulo anali bwanji?"

"Sanali bwinobwino. Chiyambire Lachisanu amangomvetsera tepi imodzi yomweyomweyo, kubwereza malo amodzimodzi, misozi ili chuchuchu. Ndimachita kuwakolowekera ndine pamakinapo. Manja awo amanjenjemera, achimwene, ngakhale batani la malaya samatha kumanga."

Dunstan adamukhulupirira, koma kukhulupirira si umboni. Adayamba wathamangira kwa woyandikana nyumba uja, mkulu wina wolusa amene adalembapo makalata asanu ndi atatu odandaula za phokoso. Dunstan adayesa kuti wapeza wopha, koma chimwemwe chake chidatha msanga. Mkuluyo adali kuchipatala kuyambira 3 mpaka 6 koloko, ndipo anamwino atatu adatsimikiza.

Pachitseko cha firiji ya Jeff padali chikalata choitanira anthu ku chikumbutso cha Radio Loco Loweruka likudzalo, mu holo ina ku Springburn. Dunstan adafikako 12:30. Mkatimo adapeza mayi wa tsitsi loyera akupachika zithunzi, ndi bambo wamtali wamagalasi akulumikiza mawaya.

"Chisanu choyamba, kenaka moni kwa odwala!" mawu adamupulumuka Dunstan asadanene n'komwe kuti ndi wapolisi. Umu ndi momwe mayiyo ankayambira pulogalamu yake pa Radio Loco kalelo, akamalengeza za nyengo.

"Mayo ine, womvera wathu!" mayiyo adaseka, kenaka adayamba kulira. Adali Yvonne Doig, ndipo wamagalasiyo adali mwamuna wake Sylvester. Uthenga wa imfa ya Jeff adali ataumva kale.

Kunena zoona, kwa mphindi khumi Dunstan adaiwala kuti wabwera pa ntchito. Yvonne adamuyendetsa chithunzi ndi chithunzi, pakamwa posatseka. Uyu ndi Jeff atakwera patebulo ndi gitala wa tsache. Apa ndi tsiku lomwe adaimba chimbale chimodzi kasanu ndi kawiri motsatizana chifukwa madalaivala a basi adaopseza kuti aimitsa ntchito akachichotsa. Apa ndi mlongoti umene ankaubisa m'paipi ya madzi a mvula. Panthawiyo mu mzindawu mudali mawailesi ena awiri a rock, ina ku Govanhill ina kutsidya kwa mtsinje, ndipo ankatukwanizana pamphepo Lamlungu lililonse, madzulo ake n'kukamwera limodzi.

"Nanga uyu?" Dunstan adaloza mnyamata wamagalasi amene adakoloweka tizingwe tambirimbiri m'khosi ngati mikanda.

"Ameneyo ndi bambo akunyumba awa," adatero Yvonne monyadira. "Amisiri athu odula matepi. Lezala, pensulo yachikasu ya phula, basi. Amatha kuchotsa chifuwa pakati pa mawu awiri iwe osamva kuti padulidwa. Tizingweto ndi zidutswa zimene adula. Lamulo lawo linali lakuti chidutswa sichitayidwa mpaka pulogalamu itaulutsidwa, mwina n'kuchifunanso. Mpaka lero sataya kanthu, nyumba yathu ili ngati dzala."

Sylvester adangomwetulira pang'ono, maso ali pa mawaya ake.

"Wailesiyi inatha bwanji? Ine ndinangodzuka Lamlungu lina kuli zii."

Nkhope ya Yvonne idagwa. Mu 1989, Lamlungu lina kukugwa mvula, aboma oyang'anira mawailesi adatulukira ndi apolisi. Mchimwene wake wamkulu, Callum, amene adayambitsa wailesiyo, adathamangira padenga kukatsitsa mlongoti. Adaterereka n'kugwa kuchokera pansanjika ya nambala 20.

"Wina adatipereka, koma sitidamudziwe," adatero. "Mwezi wathawu Jeff adapeza tepi ya tsiku lomalizalo m'katundu wake wakale. Amati aiimba Loweruka. Mawu a Callum ali mmenemo, bambo. Zaka 35 ndisanawamve."

Galu wamkota sakandira pachabe. Dunstan adatsanzika mwaulemu, koma atangotuluka pakhomo adathamangira kugalimoto, mimba ili patsogolo. Nthawi ya 2:10 adali atabwerera ku Maryhill, masitepe aja osawamva n'komwe. Adavala magolovesi, nayatsa chimakina chija.

Abale, magitala aja! Mawu a Jeff adadzaza chipinda chonse, wamoyo, wamisala, akulonjeza kuti lero denga lichoka. Tsitsi la Dunstan lidaima. Adamvetsera mphindi makumi awiri, phazi likugunda pansi lokha, mpaka idafika nyimbo ina yaitali imene ankaidziwa ngati dzina lake. Pamenepo phazi lidasokonezeka. Ng'oma sizidaphonye ngakhale pang'ono, koma ndime yonse yachiwiri padalibe.

Adaimitsa makina, nabweza tepi ndi dzanja pang'onopang'ono. Tepiyo idali ndi mfundo zingapo zakale pamalo pamene idadulidwa n'kulumikizidwanso, zofiirira ndi zouma. Koma imodzi idali yoyera mbee, yodulidwa mopendeketsa bwino, ndipo m'mbali mwake mudali timizere tiwiri ta pensulo yachikasu. Atakhudza, phulalo lidamatirira pagolovesi.

"Bwana, bwerani mudzaone!" adakuwa pafoni. "Munthu wadula tepi iyi dzulo. Jeff sakanatha, manja ake amalephera ndi batani lomwe. Doris lezala amaidziwa yometera ana. Wakuba akanatenga tepi yonse kapena kuitentha. Uyu wadula, n'kulumikizanso mwaulemu!"

Nthawi ya 3:35 Sylvester Doig adakhala pampando wa m'chipinda chofunsira mafunso, loya ali pambali pake. Lucia adakhala pakona, maso ali pa wotchi.

"Dzulo pakati pa 3 ndi 5 koloko munali kuti, bambo Doig?" adafunsa Dunstan.

"Ndinapita kukagula mawaya m'tauni."

"Sitolo iti?"

"Ndaiwala."

"Jeff munamuona liti komaliza?"

"Sabata yatha."

Dunstan adaika patebulo chithunzi cha mfundo yoyera ija. "Ntchito yokongola iyi. Mwadula pa ng'oma, n'kulumikiza pa ng'oma. Ndikanakhala kuti nyimboyi sindiidziwa, sindikanamva kanthu. Mu Glasgow muno atsala angati odziwa kudula chonchi?"

Sylvester adayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Dunstan adaona chinthu chodabwitsa pankhope pake: munthuyo adali ndi mantha, komanso adali kunyadira.

"Alipo ena," adayankha motsitsa mawu.

"Mwina alipo. Koma akazi anu andiuza lamulo lanu. Pulogalamuyi ndi ya Loweruka, ndiye kuti sinaulutsidwe. Chidutswacho chili kuti?"

Loya adayamba kunong'oneza, koma Sylvester adamukankha dzanja. Adapisa m'thumba la jekete, natulutsa kachikwama ka magalasi, nakatsegula. Mkatimo mudali tepi yofiirira, yokulungidwa bwinobwino ngati ulusi.

"Ndinaima pa mlatho wa ngalande kuti ndiiponye m'madzi," adatero. "Dzanja linakana. Zaka zonsezi sindinatayepo chidutswa pulogalamu isanapite."

"Muli chiyani mmenemo?"

"Mawu anga." Adavula magalasi. "Callum adandilanda pulogalamu yanga ya 4 koloko n'kupatsa Jeff. Adati mawu anga ndi ogonetsa ana. Ine amene ndidamanga wailesi yonseyo ndi manja angawa! Tsiku lomaliza lija anzanga atatuluka kukasuta, nyimbo yaitali ili mkati, ndidaimbira foni aboma n'kuwauza nambala ya chitseko. Sindidadziwe kuti Jeff adasiya maikolofoni ya m'chipinda ikulowa mu tepi. Ndinkafuna angotilanda makina, Callum amve kuwawa. Sindinkafuna kuti afe."

"Ndiye Jeff anamva," adatero Dunstan.

"Anandiitana dzulo. Ananditsegulira yekha chitseko cha m'ma 3:20, n'kundiimbira malowo katatu. Anati ndimuuze ndekha Yvonne lisanafike Loweruka, apo ayi aiimba pamaso pa anthu onse. Ndinamugwadira, bambo. Ndakhala ndi mkazi ameneyu zaka 34, ndipo chaka chilichonse ndimamuperekeza kumanda a mchimwene wake, maluwa nditanyamula ndine. Jeff anatembenuka kuti aibwezenso kachinayi. Chitsulo chinali pafupi."

"Bwanji simunangotenga tepi yonse?" adafunsa Lucia, amene tsopano adali ataiwala wotchi.

Sylvester adamuyang'ana ngati wafunsa zamisala. "Muli mawu a Callum mmenemo. Yvonne wakhala akuwerenga masiku."

"Nanga mayi amene wakhala m'chitolokosi tsiku lonse chifukwa cha inu?" adatero Dunstan, ndipo apa mkwiyo udamveka. "Munamva m'mawa kuti tagwira womusamalira. Munangopitiriza kulumikiza mawaya anu."

Sylvester adaweramitsa mutu. Mlandu suola. Uwu udakhala zaka 35 m'katoni, n'kutuluka uli wamoyo. Lucia adamutsegulira mlandu wakupha nthawi ili 4:25.

Dunstan adatsikira yekha kukatsegulitsa chitolokosi. Doris adaimirira msangamsanga, nsapato zili m'manja.

"Mayi, nkhani yatha. Wopha wavomera. Kuntchito kwanu ndaimbako kale, akuti mawa mupume, Lachinayi muyambe."

Doris adakhalanso pansi. Sadaseke, sadathokoze. Adayang'ana nsapato zakezo kwa kanthawi.

"Zaka zitatu ndikuwasambitsa bambo aja," adatero. "Amanditcha mwana wawo. Ndawapeza ndine m'mawa uja, ndawatseka maso ndine. Chifikireni kuno aliyense akungondifunsa kuti unali kuti, unali kuti. Palibe ndi mmodzi yemwe wandipepesa maliro."

Manyazi adamugwira Dunstan, chifukwa nayenso adali m'gulu lomwelo. Adavula chipewa, nakhala pa benchi yozizirayo pambali pake monga achitira anthu pa siwa.

"Pepani ndi zovutazi, mayi," adatero.

"Zikomo, achimwene. Pepaninso inu."

Apo mpamene Doris adayamba kulira mokweza, ndipo wapolisi wa pakhomo adafuna kulowa, koma Dunstan adamukwezera dzanja kuti amusiye.