Wirda ndi Mpanda wa Tsamba la Nthochi

Ana inu, tandimasulirani ndagi iyi. Kanthu kakang'ono, kobiriwira. Kalibe mano, koma kamaluma. Mwati nyerere? Nyerere yobiriwira munaiona kuti? Ndi tsabola.

Wirda ankakonda tsabola. Kwawo kunali kudziko lakutali, kumudzi, pafupi ndi tauni ya Bukittinggi. Kumeneko ngakhale mwana amadya tsabola wosinja.

Koma chimene Wirda ankakonda koposa ndi bajamba, phwando la kwawoko. Pa bajamba abale amakhala pansi. Amazungulira mbale imodzi yaikulu. Aliyense amadya za patsogolo pake. Dzanja silidumphira kwa mnzako. Lamulo ndi limenelo.

Tsiku lina m'mimba mwa Wirda munayamba kupota. Munapota m'mawa. Munapota kusukulu. Wirda ankathamangira kuchimbudzi. Kasanu patsiku, mwina kuposa. Anaonda. Siketi ya sukulu inayamba kugwa yokha.

Amayi anapita naye kuchipatala. Adokotala anamutenga magazi. Anamuona m'matumbo ndi kakamera kakang'ono.

"M'matumbo mwako muli tizilonda," anatero adokotala. "Matendawa dzina lake ndi Crohn."

"Atha liti, adokotala?"

"Satha, mwanawe. Amagona, amadzuka. Mankhwala ndi owagoneka. Uzimwa tsiku lililonse."

"Nanga tsabola?"

Adokotala anapukusa mutu. "Iweyo tsabola amakudzutsira matendawa."

Wirda sanalire kuchipatala. Anakalirira m'basi.

Amayi anamugulira kambale kakekake. Kambale kabuluu. M'kambalemo munkakhala mpunga wofewa, dzungu lowiritsa ndi nsomba yopanda tsabola. Lero zomwezo. Mawa zomwezo. Wirda ankadya yekha kukhitchini.

Tsono panali amalume ake, a Basril. Ndevu zambiri, pakamwa pambirinso. Anasuzumira m'kambale kabuluu.

"Chakudya cha makanda ichi," anatero. "Ine m'mimba mwanga ndi mwa chitsulo. Mwana wosadya tsabola si wa mtundu wathu."

"Achimwene, musiyeni mwana," anatero amayi.

Koma Wirda anali atamva kale.

Anthu anakolola mpunga. Tsiku la bajamba linayandikira.

"Amayi, ine ndidzakhala pati?" anafunsa Wirda.

Amayi anayang'ana kambale kabuluu.

"Mbale yaikulu imakhala tsabola ponseponse," anatero Wirda. "Ndiye kuti ine basi? Mpaka kukalamba, ine ndi kambale kabuluu?"

Amayi anapukuta maso.

Wirda anakakhala pawindo. Sanasewere. Sanaimbe. Anangoyang'ana minda ya mpunga. Tsiku loyamba. Tsiku lachiwiri.

Tsiku lachitatu anaona chinthu. Pakati pa minda panali timipanda ta dothi. Madzi a munda uwu salowa m'munda uwo.

Wirda anadzuka. Anadula tsamba la nthochi. Analitsuka. Analipinda kawiri. Analiika m'mbale yaikulu, mbali imodzi, m'mphepete mwake mutaima ngati mpanda.

"Amayi, taonani. Uku ndi kwa anthu onse. Uwu ndi munda wanga."

Amayi anayang'ana tsamba. Anayang'ana Wirda.

"Msuzi wa tsabola sudutsa pamenepa?"

"Sudutsa, amayi. Ndipo dzanja silidumphira kwa mnzako."

Tsiku la bajamba linafika. Wirda anamwa mankhwala ake. Anasamba m'manja. Anakhala pansi ndi abale. M'munda mwake munali mpunga wofewa, nsomba ndi dzungu. Pafupi naye panakhala amalume a Basril.

"Mlongo, tsabola wake ndi yemweyu?" anatero amalume. "Onjezerani. Ana aone mmene amuna amadyera."

Amayi anaonjezera. Amalume anatapa dzanja lodzaza. Anaika m'kamwa. Anatafuna kamodzi. Anatafuna kawiri. Mphuno inayamba kudontha.

"Amalume, mukulira?" anafunsa Wirda.

"Ndi utsi."

"Utsi wa kuti? Moto tinazima kale."

Amalume anamwa madzi, kapu yonse. Tsabola sanamve. Anamwa kapu ina. Tsabola anapitiriza kuluma.

Kenaka dzanja la amalume linayamba kuyenda. Linayenda chammbali, ngati nkhanu. Linafika patsamba la nthochi. Linadumpha. Dzungu limodzi, pheee, lasowa. Linadumphanso. Lachiwiri lasowa.

"Amalume," anatero Wirda, "dzanja lanu lalowa m'munda mwanga."

Onse anasiya kudya.

"Ine?" anatero amalume. "Sindidya za makanda ine."

"Nanga chili pandevu zanucho n'chiyani?"

Onse anayang'ana. Pandevu panali dzungu, lachikasu, likulendewera.

"Achimwene," anatero amayi, "chitsulo chija chasungunuka?"

Nyumba yonse inafa ndi phwete. Amalume anapukuta ndevu. Dzungu linapakika mpaka pamphuno. Anthu anasekanso.

Wirda anaseka mpaka misozi. Ulendo uno anagwira pamimba chifukwa cha kuseka.

Matenda sanathe, ayi. Mankhwala ndi tsiku lililonse. Koma Wirda anali pambale yaikulu, ndi abale ake.

Anawagwira amalume pamkono.

"Kambale kabuluu kali kukhitchini, amalume," anatero. "Ndikubwerekeni?"