Tenti Yopanda Zitsulo

Panali mtsikana wina. Kwawo ankamutchula Kamphepo. Sankakhala malo amodzi.

Kwawo kunali m'tauni, m'nyumba yosanja, pamwamba penipeni. Kamphepo ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kugona mu tenti.

Tenti inalipo. Inali pansi pa bedi, m'chikwama chachitali. Inkangodya fumbi.

Sukulu anatsekera. Kunja kunatentha kwambiri. Ababa anati, "Mawa tikagona kumtsinje."

Ananyamuka pa galimoto anthu anayi. Ababa, Amayi, Achimwene ndi Kamphepo. Kamphepo anafungatira chikwama cha tenti njira yonse.

"Chikupepuka," anatero Kamphepo.

"Ndiwe wamphamvu basi," anatero Amayi.

Anafika kumtsinje. Panali udzu waufupi. Panali mpopi wamadzi. Panali matenti a anthu ena. Ina yofiira, ina yobiriwira. Onse anali chilili, owongoka bwino.

Ababa anasankha malo. Anavula wotchi. Anapinda manja a malaya.

"Penyani, ana inu," anatero Ababa. "Izi ndinazizolowera kalekale."

Anakhuthula chikwama. Munatuluka nsalu ya tenti. Munatuluka zikhomo. Munatuluka sokosi imodzi.

Ababa anagwedeza chikwama. Anasuzumiramo. Anapisamo dzanja.

"Zitsulo zili kuti?" anafunsa Kamphepo. "Zoimikira tenti zija?"

Amayi anakhosomola pang'ono.

"Ziwiri zili pakhonde," anatero. "Ndimayanikapo zovala."

"Nanga chachitali chija?" anafunsanso Kamphepo.

"Musandiyang'ane ine," anatero Achimwene.

Ababa anayang'ana kumtsinje. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Katani ya kuchipinda kwathu," anatero Amayi. "Mukuganiza kuti yakolekedwa pa chiyani, bambo a ana?"

"Inali kanthawi kochepa chabe," anatero Ababa.

"Kanthawi kake nkotalika," anatero Amayi.

Achimwene anaseka. Kamphepo sanaseke. Tenti inali gone pa udzu.

Achimwene anapita m'mbali mwa madzi. Anathyola bango. Analilowetsa pansi pa nsalu. Tenti inadzuka pang'ono. Bango linapindika. Bango linathyoka. Tenti inagonanso.

Ababa anatola nthambi youma. Inali yaifupi. Anatola ina. Inali ndi nyerere. Ababa anaitaya msanga. Anavina pang'ono, osafuna.

Dzuwa linapendeka. Anthu ena anayamba kusonkha moto.

"Tidye, tibwerere kunyumba," anatero Ababa. "Tidzabwera tsiku lina."

Kamphepo ankalidziwa tsiku lina. Tsiku lina silifika msanga.

Sanalire. Anagwada. Anakwawira pansi pa nsalu. M'kati munali motentha. Munkanunkha chikwama. Kamphepo anafika pakati. Anaimirira. Anakweza manja.

Tenti inadzuka.

"Lowani," anatero Kamphepo ali m'kati. "Chitsulo ndine."

"Ndiye ugona choimirira?" anafunsa Achimwene.

"Eya."

"Chitsulo sichidya, paja. Gawo lako ndidya ine."

Kamphepo anaima. Anaimabe. Manja anayamba kuwawa. Thukuta linalowa m'maso. Anayang'ana m'mwamba. Pamwamba pa tenti panali kabowo. Pa kabowopo panali kamphete kachitsulo. Anasuzumira. Anaona thambo. Chapambali anaona masamba a mtengo.

Kamphepo anatsitsa manja. Tenti inamugwera pamutu. Anatuluka chokwawa.

"Ababa, tisamuke," anatero.

"Tipite kuti, mwanawe?"

"Pansi pa mtengo uwo. Tisaikankhe kuchokera pansi. Tiikoke m'mwamba."

Ababa anayang'ana mtengo. Unali ndi nthambi yaikulu, yotambalala. Anayang'ana Amayi. Amayi ananyamula kale ngodya imodzi ya tenti.

Anakoka tenti. Anaikokera pansi pa nthambi. Achimwene anamasula chingwe chomangira katundu pa galimoto. Kamphepo anachimanga pa kamphete. Anamanga mfundo. Anamanganso ina.

Ababa anaponya chingwe. Chinagwa pansi. Anaponyanso. Chinawagwera paphewa.

"Chapepuka," anatero Amayi. "Mangani nsapato."

Ababa anavula nsapato imodzi. Anaimanga kumapeto kwa chingwe. Anaizunguza. Anaiponya. Nsapato inauluka. Inadutsa pamwamba pa nthambi. Inatsika mbali inayo, ikuzungulira.

"Kokani," anatero Kamphepo.

Achimwene anakoka. Amayi anakoka. Ababa anakoka, phazi limodzi lili mu sokosi. Tenti inadzuka. Inadzukabe. Inaima.

Anamanga chingwe pa thunthu la mtengo. Kamphepo anagwira zikhomo. Achimwene anakhoma ndi mwala. Kho, kho, kho. Ngodya iyi. Kho, kho, kho. Ngodya iyo.

Tenti inaima. Koma sinawongoke. Mbali ina inali yaitali. Mbali ina inali yaifupi. Mphepo ikawomba, nthambi inkagwedera. Nthambi ikagwedera, tenti inkagwederanso.

Kamnyamata ka mu tenti yofiira kanabwera. Kanali ndi nthochi m'manja. Kanazungulira tenti yonse.

"Yanuyi yapendekeka," kanatero.

"Siyopendekeka," anatero Kamphepo. "Ndi yolendewera."

"Munaigula kuti?"

"Sagulitsa."

Kamnyamata kanaluma nthochi. Kanayang'ana chingwe. Kanathamangira kwa amayi ake. Kamphepo anakamva kakufunsa, "Ifenso tingachotse zitsulo?"

Anadya atakhala pa udzu. Anatsuka mbale pampopi. Kunja kusanade, analowa mu tenti.

Amayi anagona mbali yaitali. Achimwene anagona m'mphepete. Kamphepo anagona pakati. Ababa anatsala ndi mbali yaifupi. Mutu unali m'kati. Mapazi anali panja.

"Mwakwana, bambo a ana?" anafunsa Amayi.

"Ndakwana," anatero Ababa. "Mapaziwa akulondera."

Mtsinje unkayenda. Achule anayamba kulira. Denga la tenti linkakwera pang'ono. Linkatsika pang'ono.

"Amayi, tenti ikupuma," anatero Kamphepo.

"Nawenso puma," anatero Amayi.

Anamufunditsa bulangete. Kamphepo anayang'ana denga. Linakwera. Linatsika. Linakweranso.

Kamphepo anagona mu tenti.