Gitala Yosakana Pempho

Masiku amenewo nyimbo zinkatuluka m'manja mwa anthu, osati m'makina, ndipo kunali woimba gitala wina amene aliyense ankangomutcha Zala. Zala zakezo zinkayenda pa nsambo ngati zili ndi maso. Koma luso silidyedwa. Iye ankakhala m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa galaja, ndipo mvula ikayamba ankayamba wafunditsa gitala, kenako n'kuika beseni pamene pakudontha. Mkazi wake anali telala. Makina ake osokera ankakhala pakhonde, ndipo makinawo ndi amene ankadyetsa banjalo, ngakhale kuti mayiyo sankazinena kwa anthu.

Bandi yawo inali ya anthu anayi. Woimba ng'oma anali mlamu wake wa Zala, mchimwene wa mkazi wakeyo, munthu wanthabwala amene ankatha kuseka ngakhale atagona ndi njala. Mabandi ena ankaloweza nyimbo n'kumazibwereza chaka chonse, koma iwowa anali ndi kachitidwe kawokawo. Akatenthetsa manja ndi nyimbo ziwiri zitatu, Zala ankayandikira maikolofoni n'kufuula kuti, "Tchulani!" Wina m'gulumo ankatchula chilichonse chimene chamubwerera: mwininyumba wankhanza, kondakitala wamwano, nsapato yothina. Mlamu ankayambitsa ng'oma nthawi yomweyo, woimba gitala ya besi n'kulowa, Zala n'kupeka nyimbo ali chiimire. Panalibe nyimbo imene inamvekapo kawiri mofanana. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Tsoka lake anali anthu a m'timabala ting'onoting'ono, amene malipiro awo aakulu ndi kuwomba m'manja.

Tsiku lina akukankha njinga itanyamula sipika, inawadutsa basi ya bandi ina yotchuka n'kuwathira matope.

"Taonani, alamu," anatero Zala akupukuta buluku. "Wagitala wa mmenemuja amadziwa makiyi atatu, yachinayi amachita kufunsa. Koma onani basi yakeyo."

"Musiyeni, alamu," anayankha mlamu uja. "Ife basi yathu ndi miyendoyi. Siifuna mafuta, siiphulika tayala."

Zala sanaseke. Nsanje inali itamukhala pachifuwa ngati mwala. Patapita masiku anakumana ndi dalaivala wa basi ija, amene atamwa pang'ono anamunong'oneza kuti abwana ake anakhwima, ndipo anamulozera kumene kunali sing'anga wa abwanawo.

Sing'angayo sankakhala kutchire. Anali ndi kachipinda kuseri kwa malo ogulitsira matabwa, kosesedwa bwino, ndipo iye anali atavala malaya oyera ositidwa. Kunja dzuwa linali paliwombo, koma m'chipindamo munkazizira.

"Wabwera nayo gitala," anatero mkuluyo. "Ndiye kuti unaganiza kale. Khala pansi."

"Ndatopa, asing'anga. Ndimaimba kuposa onse, koma ndimadya thukuta la mkazi."

"Mankhwala alipo, mwanawe. Chimene chimagonjetsa anthu ndi chizimba."

"Zamagazi ayi. Sindingaphe munthu ine."

"Wanena zamagazi ndani? Ine ndakalamba, mipeni ndinaisiya. Ntchito yako ikhala yomwe ija. Uzidzaima n'kunena kuti tchulani. Chimene atchula, uimbe. Usadzakane ngakhale kamodzi."

"Nanga ndikadzakana?"

"Dzanja lamanzerelo, limene limagwira nsambo, lidzauma pomwepo ngati nthambi, ndipo chuma chidzabwerera kumene chinachokera."

"Basi?"

"Kwatsala kamodzi. Chimene atchulacho chikakhala cha eniake, palibe mlandu. Chikakhala chako, ukamaliza kuimba ndiye kuti wachipereka."

Zala anaseka. "Changa n'chiyani ine, asing'anga? Beseni lodontheramo mvula?"

"Osauka mumandisangalatsa," anatero mkuluyo osamwetulira. "Aliyense akafika pano amalumbira kuti alibe kanthu."

Anatenga kachithumwa kakuda, kakang'ono ngati chala chamkombaphala, n'kukamata m'mimba mwa gitala. Sanafunse ndalama. Zala atapisa m'thumba, mkuluyo anangoti, "Sunga. Ine ndimadya mochedwa."

Zinthu sizinachedwe kusintha. Loweruka lotsatira, m'kabala kamene ankaimba munalowa munthu wa ku wailesi amene galimoto yake inafera pafupi. Mwezi usanathe, bandi ya Zala inali kumveka m'nyumba iliyonse. Anthu ankadzaza maholo kudzaona amuna amene sakonzekera nyimbo. Zoona zake, nyimbozo zinali zokoma kuposa kale. Munthu akatchula chinthu, mawu ankangotsika okha ngati madzi a pampopi. Zala anagula masipika atsopano, anagula basi, anamanga nyumba ya mpanda. Mlamu ananenepa mpaka malaya a bandi, amene mlongo wake anasoka, anasiya kumukwana.

Poyamba anthu ankatchula zawo. Koma munthu akatchuka, anthu amafuna kudziwa za iyeyo. Tsiku lina wina anakuwa kuti, "Njinga yako yakale ija!" Zala anaimba za njingayo, za mabuleki ake a chidendene, holo yonse inagwa ndi phwete. M'mawa mwake njinga ija, imene inkangokhala m'galaja yokiya, kunalibe. Loko anali wosathyoka. Zala anangogwedeza mutu. Njinga yadzimbiri ndi chiyani kwa munthu wa galimoto?

Kenako anatchula galu wake, amene anthu anamuona pa chithunzi m'nyuzipepala. Galuyo anamupeza atauma pageti, mbale yake ili yodzaza. Apa Zala anakumbukira mawu a sing'anga aja. Patapita miyezi, munthu wina wachikulire amene ankawadziwa makolo ake anaimirira n'kunena kuti, "Tiimbire za nyumba imene unabadwiramo, mwana wathu." Zala anazengereza. Nthawi yomweyo anamva dzanzi likuyamba kunsonga kwa zala zakumanzere. Anaimba. Anthu analira ndi nyimbo imeneyo. Sabata yomweyo kunabwera uthenga woti nyumba ija yapsa masanasana, kopanda moto pafupi, ndipo zithunzi za malemu bambo ndi mayi ake zapsera momwemo.

Apa mpamene akanapachika gitala. Sing'anga sanamuuze kuti aziimba mpaka imfa, ndipo zimene anali nazo zikanamukwanira. Koma anali atayamba kumanga holo yakeyake, ndipo maziko anali atakumbidwa kale. Anadziuza kuti akangofolera denga asiya.

Anayesa kuleka kufuula kuti tchulani, koma anthu anali atazolowera, ankangotchula okha. Ndiye anapeza nzeru ina. Analemba ganyu anthu a mawu aakulu n'kumawaika kutsogolo, atawauziratu zoti atchule: mvula, mpira, mitengo ya zinthu. Iwo ankakuwa msanga wina aliyense asanatsegule pakamwa.

Mlamu anazindikira. "Alamu, nkhope izi ndaziona dzulo, ndaziona dzana. Wachipewa chofiirayo watchula mvula katatu mwezi uno, kunja kuli ng'amba. Tayamba kunamiza anthu?"

"Inu menyani ng'oma. Zinazi ndisiyireni."

"Ife anthu anatikondera kusadziwa chimene chikubwera. Ngakhale ine ndinkasangalala chifukwa cha chomwecho. Pano ndikumaimba ndikuganiza za nkhuku zanga."

Kunyumba nakonso kunali kutasintha. Zala analetsa mkazi wake kupita kulikonse kumene bandi ikuimba. Anachotsa zithunzi zake pabalaza, ndipo atolankhani akafunsa za banja ankasintha nkhani. Mayiyo anaona ngati mwamuna wake akuchita naye manyazi.

"Abambo, kodi ndakalamba kwambiri?" anafunsa tsiku lina akudula nsalu. "Kale ndinkakhala kutsogolo, ndikukuwomberani m'manja ndekhandekha. Lero mwalemera, mwandibisa ngati chilonda."

"Si choncho, amayi. Kumakhala anthu oledzera."

"Kutimabala kuja kunali abusa?"

Zala anasintha nkhani. Anamupempha kuti asiye kusoka, popeza ndalama zinalipo. Mayiyo anakana. "Makinawa sanandichititsepo manyazi," anatero, n'kupitiriza kupalasa.

Denga la holo lija litatsala pang'ono, mwini magalimoto a katundu anaitana bandiyo kuti ikaimbe pa ukwati wa mwana wake wamkazi. Malipiro ake anali okwanira kumalizira malata onse. Zala anavomera asanaganize bwino. Atafika, anapeza kuti pakhomo akulowetsa okhawo amene ali ndi makadi, ndipo anthu ake aganyu aja anabwezedwa. Chinanso sankachidziwa. Diresi la mkwatibwi analisoka ndi mkazi wa Zala, ndipo mkwatibwiyo anaumirira kuti telala wake abwere. Mayiyo anakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko, singano ndi ulusi zili m'kachikwama, kuopera kuti mwina pena pangasosoke.

Anali masana, holo itadzaza. Zala anaimba nyimbo zingapo osaitana pempho. Kenako mkwatibwi anaimirira, natenga maikolofoni kwa woyendetsa mwambo.

"Lero ndi tsiku langa, ndiye nditchula ndine," anatero akuseka. "Nonse mwayamikira diresili. Amene analisoka ali kumbuyo uko, akubisala. Bambo Zala, tiimbireni za akazi anu!"

Anthu anatembenuka, nthungululu zinamveka. Mkazi wa Zala anaphimba nkhope ndi manja.

"Tiimbe za mkwati ndi mkwatibwi," anatero Zala. "Tsikuli ndi lawo."

"Ayi! Za akazi anu!" holo yonse inayankha.

Mlamu anali atamwetulira mpaka m'makutu. "Imeneyo ndiye nyimbo, alamu! Ndakhala ndikuidikira zaka zonsezi. Mukakana ndikamutenga mlongo wanga lero lomwe." Anagunditsa timitengo take n'kuyambitsa ng'oma. Wabesi analowa.

Zala anaima osakhudza nsambo. Dzanzi linayamba kunsonga kwa zala, linakwera m'chikhatho, linafika pamfundo ya dzanja. Anaona chala chake chaching'ono chikupindika chokha. Akanatha kuika gitala pansi. Anayang'ana dzanjalo, anayang'ana mkazi wake, anayang'ananso dzanjalo. Anaganiza za nyumba ya mpanda, za basi, za holo yopanda denga. Anadziuza kuti mwina munthu sali m'gulu la zinthu, mwina mkulu uja ankanena za katundu yekha. Anagwira nsambo.

Amene analipo amati sanamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo. Anaimba za mtsikana amene anamupatsa madzi akumwa iye atavala nsapato zosiyana. Anaimba za makina apakhonde amene ankalira mpaka dzuwa kulowa, za chigamba chimene anachisoka mkati mwa jekete kuti anthu asachione. Amayi anzake anamukoka mkazi uja n'kupita naye kutsogolo. Anavina mwamanyazi, kenako anamasuka, misozi ikutsika uku akuseka. Pa nthawi yonseyo Zala ankatalikitsa nyimboyo. Vesi ikatha ankapeka ina, ina ikatha ankayamba ina, thukuta lili kamukamu, chifukwa ankadziwa chimene chili kumapeto. Anthu ankaona ngati ndi chikondi. Koma ng'oma ili ndi polekera. Manja a mlamu atatopa, anagunda komaliza monga ankachitira nthawi zonse, ndipo nyimbo inatha.

Mkazi uja anapita kwa mwamuna wake akupuma mwabefu. "Kani mumakumbukira zonsezi?" anatero. "Ine ndimayesa munaiwala." Anati akhale pansi pang'ono, mutu ukuzungulira. Anakhala pampando wapafupi, natsamira khoma. Pamene ankamubweretsera madzi anali atapita kale.

Maliro atatha, mlamu anapeza Zala atakhala pakhonde la nyumba yaikulu ija.

"Madokotala akuti sakuona chimene chinamupha," anatero mlamu. "Ine tulo sindikupeza. Ndikumaganiza kuti mwina tinamuvinitsa kwambiri. Ng'oma ija ndinayambitsa ndine."

Zala sanathe kupirira. Anamuuza zonse: za kachipinda kuseri kwa matabwa, za njinga, za galu, za nyumba ya makolo. Mlamu anamvetsera osaphethira.

"Ndiye mukanakana chikanachitika n'chiyani?"

"Dzanjali likanauma. Chuma chikanatha."

"Dzanja," anatero mlamu motsitsa. "Mlongo wanga anakudyetsani zaka zonse zija muli ndi manja awiri. Akanalephera kukudyetsani muli ndi limodzi?"

Anaimirira n'kutuluka, geti analisiya chitsegukire. Sanabwererenso, ndipo bandi inathera pomwepo.

Mutu wa Zala sunachedwe kusokonekera. Anasiya kusamba, anasiya kulankhula ndi antchito ake, ndipo iwo anathawa mmodzimmodzi atanyamula zimene akanatha. Nyumba inagulitsidwa. M'holo yosatha ija munamera udzu. Kwa zaka zingapo anthu ankamuona kumsika akuyenda opanda nsapato, makutu atawatseka ndi tinsanza. Munthu akangotsegula pakamwa kuti amupatse moni, iye ankagwada pansi n'kumapempha kuti asanene kanthu. Anamupeza m'mawa wina m'nyengo yozizira atafera pansi pa tebulo la ogulitsa tomato.

Chuma cha mankhwala sichibwera chaulere, ndipo mwini mankhwala satenga chimene iwe wakonzeka kutaya. Zala anali ndi luso, anali ndi anzake oimba nawo mokondwa, anali ndi mkazi womukonda pa umphawi wake, koma maso ake anali pa basi ya eni. Dyera limayamba lakuuza kuti ulibe kanthu, ndipo umadzadziwa zimene unali nazo pamene zikuchoka chimodzichimodzi. Ndi bwino kudya zochepa za thukuta lako, anthu ako ali moyo.