Bulauzi ya Triza ndi Mizu ya Bango

Triza ankakhala ku Makwasa, pafupi ndi minda ya tiyi. Ankakonda kuimba. Ankaimba posesa. Ankaimba potsuka mbale. Ngakhale nkhuku zinkatopa naye!

Linali Lachisanu. Mawa lake Triza ankayenera kuimba mu kwaya koyamba. Oimba onse amavala bulauzi yoyera. Koma bulauzi ya Triza inali itada.

"Mjigo wawonongeka," anatero amayi ake. "Kachapire kudambo. Fulumira, mwana wanga. Dzuwa likalowa, Sabata layamba. Sitichapanso."

Triza anathamanga. Anafika kumtunda kwa dambo. Pamenepo madzi amatuluka pansi. Anachapa. Anachapa. Anachapanso.

Kenako anavuula bulauzi. Inali itafiira ngati dzimbiri!

"Mayo ine!" Triza analira. "Mawa sindikaimba."

Azakhali ake a Triza, a Joan, ankachokera kothyola tiyi. Anatula dengu lawo pansi.

"Usalire, iwe," anatero. "Madzi a pano ali ndi chitsulo. Chimachokera m'nthaka. N'chimene chafiiritsa bulauzi yako."

Triza anapukuta misozi. Anayang'ana kumunsi. Pakati pa dambo panali bango lambiri. Madzi ankalowa m'bango ali ofiira. Ankatuluka m'bango ali oyera.

"Azakhali, nanga chitsulocho chatsala kuti?"

"Zula bango limodzi uone."

Triza anakoka. Anakoka. Anakokanso. Bango linazuka, ndipo Triza anagwa m'matope, phwata! Azakhali anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Taonani!" anafuula Triza. "Mizu yake ndi yofiira!"

"Eya," anatero azakhali. "Mizu imagwira chitsulo. China chimamatirira kunja kwa mizu. China mizu imayamwa."

Triza anabzalanso bango lake bwinobwino. Anatsetserekera kumunsi kwa dambo. Anapaka sopo. Anachapa. Anachapa. Anachapanso. Bulauzi inayera mbee!

Anaiyanika pa udzu. Dzuwa linkapendeka. Triza anadikira pang'ono. Anakhudza bulauzi. Yauma!

Triza anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Amayi anatambasula bulauzi. Anaiyang'ana kutsogolo. Anaiyang'ana kumbuyo.

"Koma yayera!" anatero. "Wachapa wekha?"

"Ayi, amayi. Tinali awiri. Bango lachapa madzi, ine ndachapa bulauzi."

Amayi anaseka, n'kumukumbatira ndi matope omwe.

Mawa lake Triza anaima kutsogolo kwa kwaya. Anaimba ndi mtima wake wonse.