Supuni Imodzi pa Thumba Lililonse

Inu amene mumati zokhwima ndi nkhani za anthu osaphunzira, khalani pansi mundimve kaye, mutsutse ndikamaliza. Ine sekondale ndinamaliza, masamu ndinakhoza bwino, ndipo ndatha zaka makumi awiri ndili mkhalapakati wa zakudya. Ndimatenga sampulo kwa alimi ndi kumafakitale, kupita nayo kumahotela, kumashopu ndi kusukulu zogonera komweko. Akagwirizana, ine n'kudya komishoni yanga. Mphuno yangayi imadziwa mpunga wa chaka chatha thumba lisanamasulidwe. Sindinena zongomva.

Mlamu wanga, mkazi wa mchimwene wanga wamng'ono, ntchitoyi ndinamuphunzitsa ndine. Koma analibe mphuno, analibenso mtima wodikira. Ankayenda tsiku lonse ndi timabotolo ta sampulo m'chikwama, nsapato itatha chidendene, n'kubwerera wopanda oda. Akabwera kwathu maso ankangokhala pa firiji yanga ya zitseko ziwiri. Ndinamuuza kuti luso la ntchito yathu ndi kukana: katundu woipa ukamubweza lero, wogula akukhulupirira zaka khumi. Iye anati kukana ndi kwa okhuta.

Za kwa sing'anga anadzandiuza yekha madzi atafika m'khosi. Chinali chipinda chaukhondo kuseri kwa owotcherera zitsulo, mipando iwiri yapulasitiki, kalendala pakhoma. Bamboyo anamufunsa chimene chimamutayitsa ogula, iye n'kuyankha kuti katundu wabwino ndi wodula, wotchipa ndi wowola.

"Ndiye muzitenga wowolayo, mayi," anatero sing'angayo. "Wogula aziona watsopano, azimva kukoma, ndipo sadwala."

"Nanga kuwolako kupita kuti?"

"Mwafunsa ngati munthu wa bizinesi. Kuwola sikutayika, kumangosamuka. Thumba lililonse, katoni iliyonse imene mwagulitsa, muzidyapo supuni imodzi dzuwa lisanalowe. Ndipo katundu amene akubweretserani musamukane."

"Supuni imodzi yokha?"

"Pa thumba lililonse." Anamutema mphini pansi pa lilime, n'kupukuta lumo pathalauza. "Tsiku limene mudzakhute, pakamwa pa mwana wobala nokha ndi panu pomwe."

Mlamu akuti anaseka, poyesa nthabwala.

Anayamba ndi matumba khumi a nyemba zofumbwa. Masupuni khumi, anankafumbwe akuyenda pamilomo, n'kumwera madzi. Wophika wa kusukulu imene inagula anati nyemba zabwino chotere sanazionepo. Pasanathe miyezi isanu ndi umodzi mlamu anagula galimoto, n'kundilanda mahotela atatu amene ndinawapeza ndi thukuta langa. Mchimwene wanga anasiya ntchito, n'kumangosintha mawotchi. Pakamwa podzaza sipafunsa mafunso.

Koma mbiri inamveka kuti kuli mayi amene sakana katundu. Aliyense amene anali ndi zoyenera kukatayidwa kudzala ankaimika lole pageti pake. Nsomba zotuluka mphutsi m'maso. Mkaka wa m'mapaketi otupa ngati mimba ya chule. Mazira oti ukaswa limodzi nyumba yonse kuthawa. Oda ikakula, masupuni nawo ankakula: makumi asanu, zana, zana ndi makumi awiri. Anayamba kudzithira mafuta onunkhira botolo lonse, koma akatsegula pakamwa kupereka moni, anthu ankabwerera m'mbuyo. Ntchentche zinkamudikira pachitseko cha galimoto. Chakudya chabwino akachiika m'kamwa ankasanza.

Kenaka chipinda chozizira cha kampani ina ya nkhuku chinawonongeka, nyama n'kukhala masiku anayi pamoto wa dzuwa. Makatoni mazana asanu ndi limodzi. Anamuimbira mlamu, ndipo kukana sakanatha.

Tsiku limenelo masana ndinapita kwawo kukamukalipira za mahotela anga aja. Fungo linandilandira pageti. Ndinamupeza atakhala pansi m'khitchini pakati pa mabeseni, m'menemo muli tizidutswa ta nkhuku, kamodzi kuchokera m'katoni iliyonse, tobiriwira, tonanda, tina tikugwedezeka tokha. Pambali pake panali mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, atamumanga kansalu pakhosi, misozi ili mbwembwembwe. Anamuuza kuti ndi mankhwala a njoka zam'mimba.

"Mlamu, mwanayu akudya chiyani?"

"Angondithandiza makumi asanu, mlamu. Otsalawo ndimaliza ndekha."

Mwanayo anali atameza kale atatu. Ndinamunyamula. Mlamu anandigwira siketi, akuloza pawindo kuti ndione pamene dzuwa lafika, n'kuyamba kundiululira zonse za sing'anga, malovu obiriwira akutsikira pachibwano. Ndinamvetsera mpaka kumapeto, kenaka ndinamuuza kuti oda anasaina yekha, amalize yekha. Ndinatuluka ndi mwanayo wopanda ngakhale nsapato.

Dzuwa linalowa asanafike ndi theka lomwe. M'mawa mwake chilichonse chimene anagulitsa, chimene chinali chikadali m'mastolo a ogula, chinabwerera m'maonekedwe ake enieni. Kuhotela ina anachita kukolopa mphutsi ndi mafosholo. Ogula anabwera n'kutenga galimoto ndi mipando, mchimwene wanga anathawa ndi mawotchi ake, ndipo kuseri kwa owotcherera zitsulo kuja tinangopeza chipinda chopanda kanthu.

Mlamu alipo. Amakhala kudzala la kuseri kwa msika wa opikulitsa, kuwerenga mokweza chilichonse chimene wameza. Akafika pa mazana awiri amasokonezeka, n'kuyambiranso.

Dyera ndi lonyansa, abale anga. Chuma chothamangira chili ndi mbale yake, ndipo ukalephera kuimaliza umayamba kuyang'ana pakamwa pa mwana wako. Wosadziwa kukana asalowe ntchito ya zakudya.

Mukufunsa kuti ine ndinapezapo chiyani? Mahotela anga atatu anabwerera akupepesa. Ogula ake asanu anandifunafuna okha. Komishoni ndinakweza kuchoka pa atatu kufika pa anayi pa zana lililonse, ndipo palibe anatsegula pakamwa. Ndinapezanso mwana mmodzi, amene mpaka lero sakhudza mbale ndisanalawe ine.