Nyundo ya Valentino

"Idyani, atate ake Vale. Kambatata kamodzi kokha."

"Ndati ndilibe njala."

"Njala mulibe kuyambira Pasaka? Lamba wanuyo mwaboola kale mabowo atatu. Mufuna ndiike maliro awiri chaka chimodzi?"

"Chotsani mbale yanuyo, mayi. Musandisokose."

Rebecca ankamva zonsezi akuyamwitsa mwana wake Wezi. Khoma la pakati pa chipinda chimene ankachita lendi ku Katete ndi cha eni nyumba, a Davison ndi a Idah, silinafike n'kudenga komwe.

A Davison anayendetsa malole zaka makumi atatu, koma mtima wawo unali pa kusula. Loweruka lililonse ankakoleza makala mu shedi ya kuseri, kusula mipeni ndi nkhwangwa n'kumangogawira anzawo. Sitiroko itawapha dzanja lamanja, mwana wawo Valentino anayamba kuwapangira nyundo yomenya yokha: mota izipukusa tayala, tayala lizikankha sipuling'i ya lole, sipuling'i izikweza ndi kutsitsa mutu wa nyundo pa chidutswa cha njanji. "Inu muzingoponda ndi phazi, atate," ankatero. Anafa pa ngozi ya njinga yamoto pamsewu wa ku Sinda, nyundoyo isanathe. A Davison anatseka shedi ndi loko, nalumbira kuti munthu asadzakhudze zitsulo za mwana wawo. Kiyi wina anamumanga m'khosi. Winayo anali m'thumba la Valentino tsiku la ngozi, ndipo palibe anafunsa kumene anathera.

Chaka chimenecho malaiti ankabwera cha m'ma wani koloko usiku, n'kuthimanso kusanache. Rebecca ankadzuka nthawi imeneyo kusita matewera. Usiku wa Lolemba anaona kuwala kobiriwira kukuthwanima pansi pa chitseko cha shedi, kuzima, kuthwanimanso. Patapita nthawi kunada bii. Agalu a kumsika analeka kuuwa. Kenaka pansi panayamba kugunda. Du. Du. Du. Kugunda kolemera, kosafulumira, kumene kunagwedeza madzi a m'ndowa.

Kuseri kwa khoma a Davison ananong'ona: "Amake Vale, mwamva?"

"Gonani. Ndi kuchigayo."

"Chigayo sichipuma katatu katatu."

M'mawa tayala lakale limene linkapsinja malata a khola la nkhuku linali litasowa. Lachitatu a Idah anadzuka maso ali psu, misozi ili chuchuchu, akuti muli ngati mwalowa mchenga. Kupita kuchipatala anakana. Pampopi azimayi anayamba kunong'onezana. Ena amati maso otero ndi a munthu amene waona mzukwa. Ena amati mnyamatayo anapita ntchito ili m'manja, ndiye sangagone. Mayi wina wa ku Mkaika anati akufa akamabwera chotere amakhala atabwerera munthu.

Madzulo Rebecca anawatengera a Idah madzi ofunda, ndipo powapukuta anaona zikhadabo zawo zili ndi girisi, chitenje chawo chatsopano chili ndi timabowo topserera ngati ta ndudu. Mlongo wake amawotcherera mageti ku Chipata; maso amenewo Rebecca anawadziwa.

"Amai," anatero motsitsa mawu, "moto wa owotcherera sauyang'ana opanda galasi."

A Idah anamugwira dzanja mwamphamvu. "Amake Wezi, khalani chete. Kwatsala masiku awiri. Nyundo ija akaiona itatha, mwina adya."

Koma usiku umenewo, kugunda kutatha, Rebecca anamva a Davison akuyankhula okha, mawu ofewa ngati a munthu wonyengerera mwana. "Ndamva, Vale. Usatope. Ndibwera." M'mawa anakana ngakhale tiyi. Anapempha kuti awasitire malaya oyera a kutchalitchi.

Usiku wa Lachisanu malaiti atabwera, Rebecca anamva bedi likulira, nsapato zikukwakwaza, mwendo umodzi ukukokedwa pansi. Anabereka Wezi n'kutuluka. A Davison anali pabwalo, malaya oyera, mabatani okolekedwa mokhota poti anavala ndi dzanja limodzi. Kuwala kobiriwira kunkawanyambita kumapazi. Anagwira loko, napeza ndi wotsegula. Kiyi wawo anali m'khosi momwemo.

"Wabwera ndi kiyi wake," anatero, akumwetulira.

"Atate, dikirani," anatero Rebecca.

Iwo anakankha chitseko.

M'katimo munali Karimu, wowotcherera wa pafupi ndi siteshoni ya mabasi, galasi lili kumaso. Pambali pake a Idah, duku atamanga m'maso, atagwirira chitsulo ndi manja awiri, nkhope atatembenuzira kukhoma. Pakati pawo panaima chinthu chachitali kuposa munthu, tayala la pakhola lili pamwamba.

Kumwetulira kwa a Davison kuja kunachoka pang'onopang'ono.

"Ndinu?"

A Idah anavula duku. "Ndine. Kiyi anandipatsa kuchipatala, pamodzi ndi nsapato zake."

"Ndinati munthu asakhudze."

"Munatero. Ndiye ine ndine munthu wamba? Ndinamubereka ndine. Ankapangira inu, osati dzimbiri."

"Ndimayesa wabwera kudzanditenga."

"Akutengereni kuti? Ine mundisiyire yani?" Analoza malaya aja. "Mwavalira malaya oyera zimenezo?"

Karimu anazimitsa makina ake, maso pansi. "Pepani, madala. Masana malaiti kulibe, n'chifukwa chake usiku."

A Davison anayandikira, nasisita mtengo wachitsulo pamene Valentino analemba miyeso ndi choko. Dzanja lawo linakwera mpaka pa sipuling'i, n'kuima.

"Wamanga izi ndani?"

"Ine, madala."

"Wagadamiza. Ikamenya kawiri ikuthyola mano. Ndiwe wowotcherera kapena wokazinga chipisi? Bweretsa sipanala."

Anagwira ntchito mpaka atambala. A Davison ankaloza, Karimu akumanga, a Idah akuunika ndi tochi ya foni uku akukangana nawo kuti akhale pampando. Malaiti atatsala pang'ono kuthima, anakoleza makala, a Davison anapana chitsulo chofiira ndi mbaniro kudzanja lamanzere, naponda. Nyundo inatsika. Nga-nga-nga-nga, mothamanga, mokweza, mpaka Wezi anadzuka kumsana n'kulira. Chitsulo chinaphwatalala ngati mtanda wa mandasi. A Davison anaseka, misozi ikutsikira pa kolala.

Rebecca anakwinya nkhope. Sikunali kugunda kumene ankamva masiku onse aja. Karimu akukulunga mawaya panja, anamufunsa.

"Nanga kugunda kuja, katatu katatu, munkamenya chiyani?"

"Kumenya? Mlongo, mota ndabwera nayo lero. Mutu wa nyundo unali pansi mlungu wonse. Ife timangowotcherera, ikakwana thuu koloko n'kutseka."

A Idah anali pakhomo la shedi. Anayang'ana Rebecca ndi maso ofiira aja.

"Nanenso ndinkamva," ananong'ona. "Ndikangolowa m'bulangeti. Kamenyedwe ka Vale komweko. Usiku uno sikunamveke." Anapukuta manja pa chitenje. "Musawauze lero."

"Amake Vale!" anaitana a Davison. "M'nyumba muno mulibe chakudya? Munthu agwire ntchito usiku wonse ndi mimba yopanda kanthu?"

"Kuli maungu a dzulo. Ozizira."

"Bweretsani."

Anakhala pakhonde awiriwo, mbale ili pakati, malaya oyera ali mbuu ndi makala. A Idah ankasenda, a Davison akutola ndi dzanja lamanzere.

"Mchere mulibe," anatero a Davison.

"Idyani, inu."