Chimbudzi Chopanda Tcheni

Dailesi anali ndi pakamwa, ndipo ku Area 23 panalibe amene sankadziwa zimenezo. Tsiku limene bilu ya madzi inafika, anaiponya patebulo pamaso pa mwamuna wake Peterson.

"Bambo a Vitu, taonani izi! Chibwerereni amayi anu, chimbudzi chija sichikupuma. Kukoka tcheni kamodzi, ndowa yathunthu yapita!"

"Tsitsani mawu, mayi a Vitu," anatero Peterson akuloza khoma. Nyumbayo inalibe siling'i, ndipo kuseri kwa khomalo kunkagona Anambewe, mayi ake, omwe anachoka ku Mchinji kudzalandira chithandizo cha impso. Adokotala anawalamula kumwa madzi ambiri tsiku lililonse.

Loweruka kunabwera mmisiri. Anazula chimbudzi chakale chija, cha thanki yam'mwamba ndi tcheni cholendewera, n'kuika chatsopano chosawononga madzi, cha mabatani awiri pamwamba. Dailesi anaitana ngakhale anzake a kumpanda kudzachiona. Koma Anambewe panalibe amene anawalangiza kagwiritsidwe kake. Peterson akanayamba bwanji, mwana wamwamuna kulowa ndi mayi ake m'chimbudzi? Dailesi nayenso, nkhani za kuchimbudzi ndi apongozi, manyazi ake! Aliyense anangoti mnzake wanena.

Patapita masiku, Dailesi anaona kuti kapu ya tiyi ya apongozi ikubwerera yodzaza. Milomo yawo inauma, ndipo poyenda ankagwira m'chiuno. Iye anangoti ndi ukalamba.

Amene anamutsegula maso ndi Mayi Sofiya, oyandikana nawo nyumba, atakumana pogula makala.

"Anzanga, sindikudandaula ayi, koma agogo aja akuvutika. M'mawa uliwonse amadzapempha chimbudzi changa chokumba, chonsecho kuyenda kukuwavuta. Akuti kwanu munachotsa tcheni kuti asamakoke."

Dailesi anasiya makalawo pomwepo. Atafika kunyumba anapeza Anambewe atamanga kale katundu m'chitenje, Peterson ataima pakhomo akuwachonderera.

"Amayi, mankhwala simunamalize. Mukapita kumudzi, impso zija zikakuphani!"

"Ndikafere kwathu," anayankha Anambewe modekha. "Kumudzi madzi sawerengera munthu."

Kenako anatembenukira kwa Dailesi, mopanda mkwiyo ngakhale pang'ono, ndipo n'zimene zinamupweteka koposa.

"Mwana wanga, ndinakumva tsiku lija. Nditalowa n'kupeza tcheni palibe, ndinati chabwino, andiuza mwaulemu. Ndinasiya kumwa madzi kuti ndisamapiteko kawirikawiri. Ndayesetsa, koma thupi lakana."

Peterson anamenya chitseko ndi chibakera mpaka chinagunda khoma. "Mwamva? Mwamva zimene pakamwa panu pachita, mayi a Vitu?"

"Iwenso unali kuti?" anafunsa Anambewe. "Sunaone kuti mayi ako akuuma?" Peterson anazyolika.

Dailesi anagwada pansi, misozi ili chuchuchu.

"Amayi, ndalakwa ine. Mawu aja ndinanenadi, sindikana. Koma tcheni sitinachotsere inu. Chimbudzi chatsopanochi sichikhala ndi tcheni. Ndinachita manyazi kukuonetsani, ndipo manyazi angawo akanakuphani."

Anadzuka n'kugwira dzanja la apongozi ake, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatiwireni. Anambewe anakana pang'ono, akuyang'ana kumbali, koma Dailesi sanawasiye. Analowa nawo m'chimbudzimo, n'kuika chala chawo chokwinyika pa batani lalikulu. Madzi anakhuthuka, khuu!

Anambewe anadzidzimuka, kenako anayang'ana batanilo nthawi yaitali.

"Basi? Kameneka?"

"Kameneka, Amayi. Dinani nthawi iliyonse imene mwafuna, ngakhale kakhumi."

Atabwerera pabalaza, Dailesi anamasula yekha chitenje cha katundu chija. Anatunga madzi m'kapu yaikulu ya mwamuna wake, nagwada, n'kupereka ndi manja awiri. Anambewe anamwa mwaphuma ngati mwana wochokera kosewera. Atafika pakati anaima, nayang'ana madzi otsalawo, kenako nkhope ya mpongozi wawo.

"Ndimalize onsewa?" anafunsa motsitsa mawu.

Dailesi anasendera pafupi. Anangogwira pansi pa kapuyo n'kuikankhira kukamwa kwawo, akulira.